Zikhomo Zofiira Pamalo pa Nyumba Yanga

Ndinali m'ngalande ya maziko, khasu m'manja, pamene galimoto yoyera inaima m'mbali mwa njanji. Munatsika amuna atatu ovala zipewa zolimba zapulasitiki. Moni sanapereke. Mmodzi anaimika makina a miyendo itatu n'kuyamba kusuzumiramo. Wina anadumpha chingwe chimene ndinakunga, n'kukaima pamene ndinkafuna kuti pakhale chipinda chogona. Anatulutsa chikhomo cha mutu wofiira m'thumba, n'kuchikhoma pomwepo.

Ndinatuluka m'ngalandemo.

"Zikomo, bwana. Pamenepo ndi panyumba panga."

"Nyumbayo ili kuti, madala?"

"Ndi imene ndikukumbayi."

Wachitatu uja, amene ankaoneka kuti ndi wamkulu wawo, anavula chipewa n'kundiyandikira. Apa m'pamene anakumbukira moni. Anati kukubwera sitima ya anthu. Iziyenda mumzinda wa Lilongwe kunyamula apantchito, ndipo ina izifika kuno ku Mchinji, pa njanji yomweyi imene pamadutsa sitima ya katundu. Pamalo pangapo m'pamene padzakhale kasiteshoni.

"Mwayi wanu, madala. M'mawa mwakwera ndi matumba a mtedza, masana mwagulitsa m'tauni, madzulo mwabwerako. Zopanikizana m'minibasi zatha."

"Nanga nyumba?"

"Musamange. Tidzakupatsani chipukuta misozi cha malowa, mukapeze ena. Koma chilichonse chimene mungamange chikhomo chitakhomedwa kale tidzagwetsa, ndipo simudzalandirapo kanthu."

"Liti?"

"Ndalama zikangofika."

"Zili kuti?"

Anaseka. Anati ndimafunsa ngati wapolisi. Anakhoma zikhomo zina mpaka kuseri kwa uvuni wanga wa njerwa, n'kumapita.

Nyumbayo sinali ya matama. Ine ndine mkamwini. Ndinakwatira pamudzi wina kufupi ndi Guilleme, ndipo ndinakakhala kwa mkazi monga mwa mwambo. Munda umene ndimalima ndi wa mkazi wanga. Mitengo imene ndinabzala ndi ya mbumba yawo. Pamaliro ndimatumidwa nkhuni. Nkhani za pabanja ndimazimva zitatha kale. Ndili mnyamata sindinkadandaula. Imvi zitayamba, zinthuzi zinayamba kundiwawa. Munthu wa ana akuluakulu kumapempha kaye kuti adule mtengo umene anabzala yekha.

Ndinatuma ankhoswe anga kwa amalume ake a mkazi wanga, amene anali mwini mbumba. Ndinapempha chitengwa, kuti ndimutenge mkaziyo tikakhale kwathu. Anali munthu wosavuta. Mbuzi ya chiongo, imene amapereka wotenga mkazi, analandira. Koma anaikapo mawu.

"Mwana wathu sakagona m'chigafa cha fodya. Mangani nyumba ya njerwa zootcha, ya malata. Tibwere tidzaione ndi maso. Tikaiona, mutengeni."

Kwathu ndi kunjanjiko, ulendo wa panjinga. Malo amene anandisiyira amayi anga ndi opapatiza. Kutsogolo njanji. Kumbuyo dambo, limene dzinja madzi amafika m'mawondo. Uku ndi uku ndi kwa ana a alongo anga. Pouma ndi pamodzi pokha, pamene anakhoma zikhomo paja.

Njerwa ndinaumba ndekha. Chilimwe chonse ndinkapalasa njinga m'mawa, kuponda dothi, kudzaza chikombole, kuyanika. Nkhuni zootchera ndinasinthanitsa ndi nkhumba. Zinapsa bwino. Ukagogoda imodzi ndi mpeni inkalira ngati chitsulo.

Nditafika kunyumba tsiku la zikhomolo, ndinapeza mkazi wanga akupeta mphale. Ndinamuuza. Iye anakondwa.

"Sitima pakhomo penipeni? Ndizikagulitsa zitumbuwa pasiteshoni."

"Nyumba yaletsedwa."

"Atipatsa ndalama, tikamanga pena. Kudikira pang'ono n'chiyani, abambo? Si tadikira kale zaka zonsezi?"



Msonkhano woyamba unachitikira pasukulu ya pulayimale. Anthu a sitima anabwera ndi chithunzi chachikulu cha sitimayo, yoyera mbee, ya mawindo agalasi, mkati muli anthu ovala mataye. Anatigawira zakumwa zam'mabotolo. Mayi wina wa kwa Zulu anafunsa ngati mbuzi zidzaloledwa kukwera. Anthu anaseka. Ine ndinakweza dzanja n'kufunsa za nyumba yanga. Anati ndi funso labwino, alitengera kwa akuluakulu. Kenako anati tisankhe komiti ya anthu okhudzidwa. Poti ndine ndinafunsa funso, anthu analoza ine. Anandipatsa sikipa yojambulidwa sitima pachifuwa. Komitiyo sinakumanepo. Sikipa ndinalimira mpaka inang'ambika m'khwapa.

Mvula inabwera. Ndinafunditsa uvuni udzu ndi pepala lapulasitiki. Ngalande ya maziko inadzaza madzi, achule n'kuikiramo mazira. Sitima ya katundu inkadutsa mwa apo ndi apo, osaima.

Chaka chotsatira kunabwera anthu ena pa galimoto ina. Awa zikhomo zawo zinali zachikasu. Anazikhoma tsidya lina la njanji. Ndinawafunsa. Anati oyamba aja analakwitsa, siteshoni singakhale mbali ya dambo. Tsiku lomwelo ndinakalankhula ndi mmisiri. Ndinafukulanso ngalande. Fodya atagulitsidwa ndinagula simenti imene ndinakwanitsa. Mmisiri asanaike njerwa yoyamba, a zikhomo zofiira anatulukira.

"Madala, tinagwirizana chiyani?"

"Anzanu achikasu anati ndi tsidya ilo."

"Amenewo si anzathu. Anatumidwa ndi ena amene akufuna kubwereketsa ndalama za ntchitoyi. Zawo sizinavomerezedwe."

"Zanu zinavomerezedwa?"

"Zathu zikudikira."

"Ndiye zoona ndi ziti?"

"Akuluakulu akuzionabe zonse ziwiri."

Mmisiri anatenga zida zake n'kupita kukamanga kwina. Simenti inauma m'matumba momwemo, n'kusanduka miyala.

Ena ankandiuza kuti ndingomanga, boma limaiwala. Ndinaganiza. Koma uvuni ndinali nawo umodzi, ndipo msana woumbira wina ndinalibe. Kumsewu waukulu ndinaonapo nyumba zolembedwa mtanda wofiira pakhoma, ndipo ndinalipo tsiku limene anazigwetsa. Eni ake ankatola mafelemu m'fumbi. Sindinafune kuitana apongozi kudzaona nyumba, kenako n'kuwaitananso kudzatola mafelemu.

Mphunzitsi wina wopuma ntchito, wochokera kumpoto, anachita zosiyana ndi ine. Anagula malo kunja kwa zikhomo zonse, zofiira ndi zachikasu zomwe, n'kumanga timashopu mondandalika kuti sitima ikamaima anthu azigula kwa iye. Anapaka laimu. Lero mumagona mbuzi. Tikakumana timangopatsana moni. Palibe amene amaseka mnzake.

Woseka anali mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Iyeyu akandiona ndikukankha njinga ankayamba ali patali.

"Alamu, matikiti mwayamba kugulitsa? Mundisungire mpando wa pawindo."

"Mwaswera bwanji, alamu."

"Taswera. Koma mkulu wa siteshoni akuyenderabe njinga yopanda mabuleki? Auzeni akupatseni kapusi ndi wezulo."

Ndinkangopitiriza kukankha njinga. Mkamwini sayankha zonse.

Njerwa zinayamba kuchepa. Si akuba ayi. Mwana wa mlongo wanga atamwalira panafunika njerwa zowakira manda. Ukana bwanji, njerwa zili chiunjikire pamaso pa anthu? A mpingo anafuna zomangira chimbudzi. Anabwera ndi ngolo, akuimba. Zakunja kwa uvuni zinanyenyeka ndi mvula. Udzu wofunditsa chiswe chinkadya chaka ndi chaka. Pamwamba panamera chisoso.

Ndinapita ku boma. Kalaliki anati nkhani ya sitima si yawo, iwo amangoitanira anthu kumisonkhano. Eni ake ali ku Lilongwe. Anandilongosolera kumene kuli ofesi yawo. Ndinagulitsa ndowa ya nyemba n'kukwera minibasi, mawondo pachibwano, katundu wa munthu wina pamiyendo panga. Njanji inkaoneka pena ndi pena pawindo, udzu utamera pakati.

Kuofesiko ndinakhala pabenchi mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako mayi wina wachitsikana anandilowetsa n'kundipatsa mpando. Anali waulemu. Pakhoma panali mapu. Mizere yofiira, yobiriwira, yabuluu, yonse ikuzungulira mumzinda momwemo. Ndinafunafuna Mchinji. Sindinamuone. Mayiyo anandilozera timadontho tolowera kumadzulo, tothera m'mphepete mwa pepala.

"Inu muli uku, bambo. Gawo lachitatu."

"Loyamba linatha?"

"Silinayambe."

"Likudikira chiyani?"

"Kafukufuku."

"Si uja munachita ndi zikhomo?"

"Ameneyo anakalamba. Ndalama yathu inachepa mphamvu, mitengo ya zitsulo inakwera. Amene akufuna kutithandiza akuti tiyambirenso kuwerengera."

"Yambiranitu."

"Kuwerengerako kumafunanso ndalama."

"Ndalama zoti mudziwire kuti mukufuna ndalama zingati."

Anayang'ana pansi. "Ndi choncho, bambo."

Anafotokoza zambiri. Oyang'anira mzinda akufuna njira idutse kumsika. Oyang'anira misewu akuti pamenepo pali mlatho wawo. M'mbali mwa njanji mumzindamo anthu anamanga kale nyumba, ndipo palibe amene akufuna kukhala woyamba kuwasamutsa. Ndinaganiza za anthu amenewo. Iwo anamanga osafunsa, ndipo akugona m'nyumba zawo.

"Mayi, funso langa ndi limodzi. Ndimange?"

"Sindinganene kuti mangani."

"Ndisamange?"

"Sindinganenenso kuti musamange. Koma zikhomo zisazulidwe."

"Amene anganene ali kuti?"

"Ali kumsonkhano kunyanja."

Anandiperekeza mpaka pakhomo. Anati, "Pepani, bambo. Inenso ndinalembedwa ntchito chifukwa cha sitima yomweyi. Sindinaionepo."

Kunyumba mkazi wanga anafunsa kuti atani. Ndinati akuti tidikire. Nthawi ino sananene za zitumbuwa. Anapitiriza kusesa.

Kunabwera zisankho. Sitima inadzuka. Aliyense woima pamwamba pa galimoto ndi chimkuzamawu ankabwera nayo m'kamwa. Wina anati ifika mpaka ku Chipata. Wina anati idzayendera magetsi, pamene kwathu magetsiwo kulibe. Zisankho zitatha inagonanso.

Amalume ake a mkazi wanga anadwala. Ndinapita kukawazonda. Anagona pamphasa kukhonde, atawonda.

"Akamwini, maso anga akutha. Nyumba ija mundionetsa liti?"

"Akuti ndidikire sitima."

"Inu dikirani. Ine sindidikira."

Anamwalira mvula isanagwe. Pamaliro awo ndinatumidwa nkhuni.

Umwini mbumba unagwera mlamu wanga uja. Ndinaopa kuti asintha mawu. Sanasinthe. Anandiitana padera.

"Alamu, mawu a malume ndi omwewo. Mbuzi tinadya. Mangani, tidzaone, mumutenge mlongo wanga. Ngati n'kotheka mudzamutenge pasitima."

Zaka zinkapita ndi ntchito zake. Mwana wathu wamkazi woyamba anakwatiwa. Mnyamata wa kwa Mavwere anabwera chikamwini, n'kumanga kanyumba kuseri kwa yathu. Ndinamuona akutumidwa nkhuni pamaliro.  Kunabadwa mdzukulu. Apongozi anga aakazi, mayi ake a mkazi wanga, miyendo inawafooka, moti kuchimbudzi sangapite popanda wowagwira. Mkazi wanga ndiye ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatulutsa padzuwa. Akazi a pamudzi akakangana ankabwera kwa iye. Ine maso anga anali kunjanji.

Chaka chino, nthawi yokumba mtedza, uthenga unabwera kuti tikasonkhane kunjanjiko. Ndinapita. Galimoto ina, anthu ena. Zakumwa kunalibe. Chithunzi kunalibe. Mnyamata wina wa foni yaikulu m'manja anaima pamthunzi wa galimoto n'kulankhula mwachangu, ngati akuthamangira kwina. Anati akuluakulu aona kuti ndalama zimene zingapezeke n'zokwanira mumzinda mokha, mwinanso osakwana. Mchinji wachotsedwa. Malo onse amene anakhomedwa zikhomo ndi omasuka.

"Amene munkafuna kumanga, mangani."

Mphunzitsi wa timashopu uja anafunsa kuti nanga iye atani. Mnyamatayo anati palibe amene anamuuza kuti amange mashopu. Wina anafunsa za chipukuta misozi. Anati palibe chimene atitengera, malo ali pompo.

Ine ndinati, "Zikhomo?"

"Zulani, madala. Mwina chiswe chinakuthandizani kale."

"Simudzabweranso?"

"Zam'tsogolo sindingazidziwe. Koma panopa mangani."

Pepani sananene. Sindinamudikire kuti anene.

Ndinapita pauvuni. Ndinazula chisoso n'kuchotsa zonyenyeka za kunja. Mkati munali zabwino, zouma, zofiira. Zinali zochepa. Nyumba imene ndinakungira chingwe sikanatheka. Koma chipinda ndi pabalaza zikanatuluka. Chipinda ndi pabalaza, za malata, ndi nyumba ndithu. Mlamu wanga sakanakana. Ndinayeza ndi mapazi pamene pangadutse ngalande yatsopano. Ndinakwera njinga. Panjira sindinaime ngakhale popereka moni.

Mkazi wanga ndinamupeza pamthunzi wa nkhokwe akuthothola mtedza, mdzukulu ali kumsana. Mayi ake anagona pamphasa chapafupi, akuwodzera. Ndinatsamiritsa njinga.

"Atimasula. Ndimanga."

"Mangani."

"Chipinda ndi pabalaza. Mvula isanagwe tisamuka."

Sanadzutse mutu. Anamaliza phata limene linali m'manja, n'kuponya masangwi pamulu.

"Abambo, khalani pansi."

Sindinakhale.

"Amayiwa ndiwasiyire ndani?"

"Alipo ana awo ena."

"Alamu anu awasambitse? Mwana wathunso ali ndi pakati pena. Akamadzachira ine ndili kunjanji?"

"Ndi ulendo wa panjinga."

"Wa inu. Ine ndimakwera njinga?"

Mdzukulu anayamba kulira. Anamugwedeza ndi chigongono, manja ali pamtedza.

"Nthawi ija ndinkafuna kupita," anatero. "Sindinkanama ayi. Ndinali ndi miyendo yoyambira mudzi watsopano. Lero ndikayambe kupempha moto kwa alamu anga, ndi imvi izi? Kuno ndine apongozi a munthu. Kwanu ndikakhala mtengwa. Pamaliro azikandituma madzi ana amene ndinawaona akubadwa."

"Ine akundituma nkhuni."

"Ndikudziwa."

"Chiongo ndinapereka."

"Mbuzi tibweza. M'khola zilimo."

"Si za mbuzi."

"Ndikudziwa, abambo."

Apa anandiyang'ana. Sanakwiye. Akanakwiya ndikanapeza choyankha.

"Mangani ndithu. Muzikagonamo mukapita kokaona abale anu. Anthu aone kuti munamanga. Koma ine ndafika. Ndidzaikidwa konkuno, pafupi ndi amalume."

Apongozi aakazi anatsegula maso n'kufunsa kuti wabwera ndani. Mkazi wanga anati ndi bambo a kunyumba. Apongoziwo anafunsa ngati ndabwera ndi shuga.

Mkamwini wanga anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula mpando. Anauika pambali panga, n'kunjuta, manja pamodzi.

"Khalani, apongozi. Mwatopa."

Ndinamuyang'ana. Njinga ndinaisiya chitsamire pankhokwe. Ndinadutsa kuseri kwa khola, n'kutsata njira ya kudimba la mkazi wanga.